A Lyson ndi Nyumba ya Zipika ya M'paki

Achimwene anga a Lyson Matewere masiku ano amakhala kwa ine ku Beech Grove, kufupi ndi Indianapolis, m'chipinda chimene kale ndinkasungiramo makina osokera. M'mawa amakwera basi kupita ku Lafayette Road, kumene amasanja matumba a mpunga m'sitolo ya mmwenye wina. Akaweruka amabwera kunyumba, basi. Kutchalitchi anasiya, chifukwa kuli anthu ena otalika pakamwa amene amawatchula kuti "aja anatentha nyumba ya boma aja," ndipo amatero uku akumwa tiyi. Ine zimandinyansa. Nyumbayo anaitenthadi, sindikukana. Koma amene akufuna kuikamba nkhaniyi aziikamba yonse, ndipo azinditchulamo ine Magdalene, chifukwa khasu linali langa ndipo mawu amene anawatuma anatuluka pakamwa panga pano.

Tinabadwira ku Thyolo, kufupi ndi Bvumbwe, iwo achiwiri kubadwa, ine wachisanu. Mayi athu anali munthu woti akapeza tsamba limodzi pabwalo, tsiku limenelo simudya mwamtendere. Mlendo akati abwera Lamlungu, kulambula kunkayamba Lachinayi. Zinyalala tinkaziunjika kuseri kwa nyumba n'kuziyatsa, utsi ukatha n'kukwirira ndi dothi, ndipo palibe nyumba imene inapsapo. Mwa ana tonse, amene anatengera khalidwe limeneli mpaka m'mafupa anali a Lyson.

Anaphunzira ukalipentala ku Limbe. Ankakhoma madenga ndi zitseko, kenako zinafika zaka zija zimene ntchito ya kalipentala inali mabokosi a maliro okhaokha. Bokosi la mkazi wawo, alamu anga a Akuzike, anakhoma okha mu 2002. Mwana analibe. Ine nthawi imeneyo ndinali kale kuno kunja, ku South Bend, nditamaliza sukulu ya unesi, ndipo ndinkawalembera fomu ya lotale ya makalata okhalira kuno chaka ndi chaka mpaka dzina lawo linatuluka. Anafika mu 2006 ali ndi chikwama chimodzi ndi tchizulo ziwiri zimene anakana kusiya. Ntchito ya matabwa sanaipeze. Anachita kosi ya milungu ingapo n'kuyamba ntchito panyumba ina yosungirako okalamba, kunyamula anthu, kuwadyetsa, kuwasintha zofunda. Ine nditasamukira ku Indianapolis iwo anatsala komweko.

Kumeneko ndi kumene anakumana ndi a Joan Ekdahl, mayi wachizungu amene anabwera mu 2008 atathyoka chiuno. Musaganize za gogo wokoma mtima, ayi. Mayi uja anali wovuta. Ankagenda anthu ndi kapu, ankabweza chakudya, ndipo atsikana antchito ankasinthana mashifiti pothawa chipinda chawo. Tsiku lina ankalimbana ndi dirowa ya kabati imene inkakana kutseguka, akutukwana. A Lyson anaisolola, anaiyang'ana m'mbali, anaipaka sopo wouma n'kuibwezera. Inayenda bwinobwino.

"Iwe unali ndani kwanu?" anafunsa a Joan.

"Kalipentala, mama."

A Joan anatulutsa chithunzi chakale m'dirowa yomweyo. Inali nyumba ya zipika, mitengo yathunthu yosanjikizana, ya khonde laling'ono ndi chumuni chamiyala.

"Ngati ukunena zoona, ndiuze chimene chagwira ngodya izi."

A Lyson anachiyandikiza kumaso. Anati palibe msomali ngakhale umodzi, mtengo uliwonse anausema kumapeto kuti ulumane ndi unzake, ndipo anausema mopendekera kuti madzi a mvula azitsikira kunja. Anati amene anamanga nyumbayo anali ndi nkhwangwa yakuthwa ndiponso sankathamanga. Kuyambira tsiku limenelo a Joan sanawagendenso ndi kapu.

Mbiri ya nyumba ija ine ndinaimva kwa achimwene pafoni, Lamlungu lililonse, zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka nthawi zina ndinkaika foni patebulo n'kumapitiriza kusita. Ili m'paki ya boma ya m'mphepete mwa nyanja ya Michigan, ulendo wa ola limodzi kuchokera ku South Bend, kumene kuli mapiri a mchenga ndi nkhalango. Anaimanga agogo awo aamuna a Joan, amene anachokera ku Sweden cha m'ma 1880, wosauka wotheratu. Chaka choyamba iye ndi mkazi wake anagona m'dzenje lofolera ndi nthambi. Mitengo anagwetsa yekha, mkazi akukoka ndi hatchi yobwereka. Dothi la kumeneko ndi mchenga, chimanga chinkakana, ndiye ankadalira mbatata, ng'ombe ziwiri ndi kutchola zipatso zam'dambo n'kukagulitsa kusiteshoni ya sitima. Mwa ana awo asanu ndi anayi, anakula anayi.

A Joan anabadwira m'nyumba momwemo mu 1924. Anali ndi mlongo wawo wamng'ono dzina lake Chester. Mu 1931, m'nyengo yozizira, mwanayo anadwala pakhosi ali ndi zaka zinayi. Sinowo inali itatseka msewu, dokotala sakanatha kufika, ndipo anamwalira tsiku lachitatu. Bambo ake anasonkha moto pansi kuseri kwa nyumba tsiku lonse kuti dothi limene linaundana ndi kuzizira lisungunuke, n'kukumba manda pomwepo. Mwala wa pamanda anausema okha ndi tchizulo. A Joan anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ntchito yawo tsiku limenelo inali yotuta nkhuni za moto uja.

Anakwatiwa, amuna awo anabwera kudzakhala pomwepo, anabereka mwana mmodzi wamkazi. Mu 1971 boma linagula malo onse a kumeneko kuti akhale paki. Anansi anasamuka, nyumba zawo zinagwetsedwa, minda inabwerera kutchire. A Joan anasaina pepala lowalola kukhalabe zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo anazikhala zonse mpaka tsiku lomaliza, amuna awo atamwalira, mwana wawo atamwalira, ali okha ndi galu. Mu 1996 anatseka chitseko n'kutuluka. A paki sanaigwetse nyumbayo popeza inali yakale kwambiri. Anakhoma matabwa m'mawindo, ankakonza denga likadontha, koma zozungulira anazisiya kuti zimere mmene zifunira. Kiyi imodzi a Joan sanabweze. Kuchokera tsiku limenelo sanapondekonso, ankati sangapite kukasuzumira pakhomo pawo ngati mlendo.

Mu 2014 dokotala anawauza kuti mtima wawo watopa, mwina dzinja limenelo salimaliza. Apa mpamene anasintha maganizo. Anauza a Lyson kuti akufuna kukaiona nyumba ija kamodzi, pa tsiku lokwanitsa zaka makumi asanu ndi anayi, Loweruka pa 18 Okutobala. Ankafuna akakhale pakhonde, akagwire chipika cha pakhomo, akaone mwala wa Chester, kenako adzafe. Zina zonse analibe nazo ntchito. A Lyson anathamanga nazo ngati nkhani ya mayi awo owabereka. Anafonera mdzukulu wa a Joan, Tiffany, amene amakhala kutali ku Arizona, kuti asaine chilolezo. Anabukitsa galimoto ya pantchito yonyamula wilitcheya. A paki anavomera kutsegula geti ya msewu wakale tsiku limenelo. Ine anandipempha kuti ndidzaperekeze monga nesi.

Kutatsala milungu iwiri, a Lyson anapita okha kukaona malowo, ndipo madzulo a tsiku lomwelo anadiraiva maola atatu kubwera kwa ine ndi zithunzi pafoni. Nyumba inali chiimire, yolimba, ngodya zake zosasuntha. Koma udzu unafika m'mawindo, zitsamba zaminga zinakwera pakhonde, masamba anadzaza pamasitepe. Kuseri kunali tchire lokhalokha. Mwala wa mwana uja anaufunafuna osaupeza.

"Ndafunsa renja," anatero. Renja ndi mlonda wa paki. "Akuti amasiya dala. Akuti muli maluwa ena osowa."

"Ndiye mukawatengera mayi aja pamenepa?"

"Nanga nditani, Magi?"

Ine ndili ndi pakamwa poipa, ndimadzidziwa. Ndinawalalatira. Ndinati achimwene, mulibe manyazi? Munthu wachoka pakhomo pake zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, akubwerera kukatsanzika, inu mukamuonetsa thengo? Manda a mlongo wake akawafune ndi ndodo m'minga? Ndinati mayi athu akanamva zimenezi akanakukanani kuti si inu mwana wawo. Ndinalowa m'galaja n'kutulutsa khasu limene ndinabwera nalo kuchokera kumudzi, lija ndimalimira mpiru kuseri kwa nyumba, ndi chikwanje, ndi tsache. Ndinaziponya m'buti ya galimoto yawo ndi manja angawa.

Chikwangwani choletsa kudula zomera ndi kuyatsa moto chinalipo pageti. Iwo anachiwerenga, inenso ndinkadziwa kuti chilipo. Sindinama. Koma m'mitu mwathu chikwangwani chija chinali cha anyamata oledzera ootcha nyama m'tchire. Sitinaganize n'komwe kuti chikunenanso munthu wamkulu amene akusesa pakhomo kuti mwini wake afike poyera.

Anapita Lachitatu la mlungu womwewo wa ulendo, tsiku lawo lopuma. Galimoto anasiya kumsewu n'kuyenda wapansi ndi zida paphewa. Sanakumane ndi munthu. Anayamba eyiti koloko m'mawa. Anatchetcha udzu, anazula minga pakhonde, anapalira bwalo lonse mpaka mchenga woyera unaonekera. Kuseri anagwada n'kumafufuza ndi manja mpaka anaugunda mwala uja, utapendekeka, utakutidwa ndi ndere. Anauwongola, anaupukuta ndi nsanza mpaka dzina linawerengeka, analambula mozungulira n'kuundira dothi monga timachitira kwathu. Atatha anasesa ponseponse, tsache likusiya mizere yake pamchenga.

Zinyalala zinali mulu waukulu. Kuzisiya pamenepo kukanakhala kusesa kwa mwana waulesi. Anazikokera kutali, mapazi makumi atatu kuchokera kunyumba, m'mphepete mwa mitengo, n'kuziyatsa. Kunalibe mphepo. Anaimirira pomwepo ndi khasu mpaka moto unatha, anakwirira phulusa ndi mchenga, anathirapo madzi awo akumwa otsala, anapondaponda ndi nsapato. Anadikiranso theka la ola. Utsi sunatulukenso.

Ananditumizira chithunzi ndili pantchito. Nyumba inali itaima pabwalo loyera, mooneka kuti mukukhala anthu. Ndinachionetsa kwa anzanga onse a mu wodi. Ndinawayankha kuti, "Apa ndiye mwagwira ntchito, achimwene." Mawu amenewo ali m'foni mwanga mpaka lero.

Chimene sitinkadziwa ndi ichi. Kwathu pansi pa zinyalala pamakhala dothi louma, lopondedwa zaka ndi zaka, moto ukafika pamenepo umafa. M'nkhalango ya kuno mulibe amene amasesa. Masamba amagwa chaka ndi chaka n'kumaunjikana, amaolerana, ndipo m'mphepete mwa mitengo muja anali okhuthala kufika m'chigongono, mchenga uli pamwamba pang'ono chabe. Moto unazima pamwamba koma unalowa pansi n'kumanyeka mwakachetechete. Lachinayi masana kunabwera mphepo yochokera kunyanja. Moto unatulukira m'udzu umene sanatchetche, unazungulira bwalo, unakwera mtengo wouma umene nthambi zake zinkafika padenga. Zipika za zaka zoposa zana zimayaka ngati udzu. Ozimitsa moto atafika anangoteteza nkhalango.

Lachisanu m'mawa a paki anafonera bwana wa nyumba ya okalamba ija kuti ulendo usakhalepo. A Lyson anamva ali m'khonde la pantchito, atanyamula thireyi ya chakudya. Anandiimbira masana ali m'galimoto. Poyamba sindinamve chimene ankanena, mawu ankangotuluka mpweya.

"Magi, yapsa."

"Chapsa n'chiyani?"

"Nyumba ija. Yonse."

Ndinakhala pa bedi lopanda wodwala. Kenako mutu unayamba kugwira ntchito, ndipo unagwira ntchito yoipa. Ndinawafunsa ngati wina anawaona. Anati ayi. Ndinati ndiye tsekani pakamwa. Ndinati ili ndi dziko la eni, mlandu wa moto m'malo a boma si wopepesa ndi nkhuku, akulandani ntchito, akulandani makalata, mukatsikira pa Chileka ndi chikwama chomwe chija. Ndinati fufutani zithunzi. Ndinangomva akupuma, kenako foni inaduka.

Loweruka ndinanyamuka m'mamawa ndipo ndinafika ku South Bend cha m'ma naini. Bwana wa pamalopo, mayi wina wamantha, anali atagwirizana ndi Tiffany kuti a Joan auzidwe kuti ulendo walephereka chifukwa cha nyengo. Koma palibe amene analimba mtima kuwauza Lachisanu. Ndiye tinawapeza ali kale pa wilitcheya pafupi ndi chitseko chachikulu, atavala chikhothi chabuluu ndi chipewa, atapaka milomo, kiyi ija ili pachingwe m'khosi. Akuti anadzuka faifi koloko. Aka kanali koyamba ine kuwaona ndi maso. Anali kamunthu kochepa, kouma, ka maso akuthwa.

Bwana uja anawerama n'kuyamba za nyengo. A Joan anayang'ana pawindo. Kunja kunali dzuwa, kopanda mtambo ndi umodzi womwe.

"Ndakalamba, sindinapenge," anatero. "Chachitika n'chiyani?"

Bwana anatiyang'ana ife, ife tinayang'ana pansi. Pomaliza anawauza kuti kunabuka moto Lachinayi ndipo nyumba sinapulumuke. A Joan sanalire. Anaika dzanja pa kiyi.

"Galimoto ilipo?"

"Ilipo, koma..."

"Ndiye tiyeni. Lyson, ndikankhe."

A Lyson ankadiraiva atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, thukuta likutsika m'khosi ngakhale kunkazizira. Ine ndinakhala kumbuyo ndi a Joan, ndikuyang'anira botolo lawo la mpweya. Titayandikira, mayi aja anayamba kutchula malo motsitsa mawu, osauza munthu. Apa panali sukulu. Apa panali khola la anansi. Ine pawindo ndinkangoona mitengo.

Pageti tinapeza renja, mtsikana wamng'ono wa tsitsi lofiira, amene bwana uja anamufonera. Anali ndi chisoni chenicheni, maso ake anali otupa. Anati iye ndi amene ankakwera padenga lija chaka chilichonse kukaona ngati likudontha. Anatitsogolera pa msewu wakale mpaka pamene galimoto sikanathanso kupita. Mtunda wotsalawo, mwina mapazi mazana awiri, unali mchenga. A Lyson anaitembenuza wilitcheya n'kumaikoka chafutambuyo, matayala akulowa pansi.

Fungo ndi limene linayamba kutipeza. Kenako mitengo yakuda. Kenako chumuni chija, chitaima chokha, ndi mulu wa makala m'munsi mwake, ndi chitofu chachitsulo chitagwa cham'mbali. A paki anali atazunguliza chingwe chachikasu. A Lyson anatembenuza wilitcheya kuti iyang'ane kutsogolo n'kuimika mabuleki.

A Joan anayang'ana. Anafunsa renja kuti khonde linali pati, chifukwa sankathanso kuzindikira, ndipo mtsikanayo analoza miyala itatu ya masitepe. Anati awayandikize. Anatambasula dzanja koma panalibe choti agwire.

Bwalo lonse linali poyera, ndipo pamene ozimitsa moto sanaponde, mizere ya tsache inkaonekabe pansi pa phulusa.

"Moto unayamba bwanji?" anafunsa a Joan.

Renja anati akufufuzabe. Anati chodabwitsa n'chakuti wina anabwera kudzalima udzu wonse kuzungulira nyumba, n'kuwotcha mulu wa zinyalala uko m'mphepete. Anati zaka zonse wagwira ntchito m'paki waona anthu akuba, olemba pamakoma, oswa mawindo, koma woti abwere kudzasesa sanamuonepo, ndipo sakumvetsa kuti munthuyo ankafuna chiyani.

Ndinawaponda phazi achimwene. Ndinanena m'Chichewa, mano ali pamodzi, kuti, "Musayerekeze."

"Ndipititseni kuseri," anatero a Joan.

Kuseri moto unadutsa uku ndi uku, koma pamanda panalibe choti upse. Mwala unali chilili, woyera, dzina la Chester likuwerengeka uli patali. Dothi linali loundidwa bwino, m'mbali mosalala, mopapasidwa ndi manja. A Joan anauyang'ana mwala uja, anayang'ana dothi lija, kenako anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Zaka zisanu ndi chimodzi munthu ameneyu ankawayalira bedi ndi kuwapindira zovala. Ntchito ya manja ake ankaidziwa.

"Lyson."

"Mama."

"Ndiwe?"

Ine ndinati, "Achimwene, chonde." Sanandiyang'ane n'komwe. Anavula chipewa, anazungulira kutsogolo kwa wilitcheya n'kugwada pa phulusa, mawondo onse awiri, bambo wa zaka makumi asanu ndi zitatu, manja ali pamodzi monga amachitira munthu wolakwira akuluakulu kwathu. Renja anabwerera m'mbuyo, sanadziwe chimene chikuchitika.

"Ndine, mama. Ndinabwera Lachitatu. Sindinafune kuti mupeze pakhomo panu pali tchire. Zinyalala ndinatentha ndine. Ndinaona ngati moto wazima."

Ananena m'Chingerezi chomveka bwino, renja ali pomwepo, ndipo ndinaona mtsikana uja akutseka maso. Ndinadziwa kuti zatha. Zimene zinatsatira ndi zomwe ndinkaopa zija: khothi, loya, ntchito kutha, chiphaso chosamalira okalamba kulandidwa. Kwathu kokha sanawabweze. Koma pa nthawi imeneyo iwo sankaganiza za khothi. Ankayang'ana nkhope ya mayi aja kudikira mawu.

Ndinkayembekeza kuti awatukwana, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. A Joan analankhula motsitsa, mopanda kunjenjemera.

"Ndinakupempha kuti usese?"

"Ayi, mama."

"Ndinakupempha chiyani?"

"Kuti ndikubweretseni mudzaione."

"Tchire ndimalidziwa, ndinabadwira m'tchire. Ndikanaliona n'kudutsa. Ndinkafuna nyumba."

Apa ine sindinathenso kupirira. Ndinati mayi, wolakwa ndine, ndine ndinawakakamiza, khasu ndinawapatsa ndine, kwathu ndi mwambo, munthu sabwerera pakhomo posasesa, anachita chifukwa chokulemekezani. Ndinalankhula zambiri, misozi ikutsika, Chingerezi chikusokonekera. Anandiyang'ana kamodzi kokha.

"Kwanu," anatero. "Kuno kunali kwathu."

Anavula chingwe chija m'khosi, movutikira chifukwa chinakola chipewa, n'kupereka kiyi kwa renja. Anati inali ya boma kuyambira kale, anangochedwa kubweza. Kenako anati akufuna kupita.

A Lyson anadzuka, mawondo ali akuda, n'kupita kumbuyo kwa wilitcheya kuti amasule mabuleki. Dzanja lawo litangofika pa chogwirira, a Joan anati, "Iwe ayi." Sanakweze mawu. Analoza ine ndi chibwano.

Amenewo ndiwo anali mawu omaliza amene a Joan anawalankhula achimwene anga. Mayi aja anamwalira mu Disembala, ndipo ife tinamva ataikidwa kale.

Ndinagwira wilitcheya ija. Mchenga unali wakuya, ine ndine munthu wamfupi, ndipo matayala ankangozama. Ndinkakoka, kupuma, kukokanso. Renja anagwira mbali imodzi kundithandiza, komabe tinkayenda pang'onopang'ono, botolo la mpweya likugunda mwendo wanga. Pena wilitcheya inapendekeka, a Joan anatsala pang'ono kugwa, ndipo ndinaona achimwene akudumpha ndi manja otambasula, kenako n'kuima okha asanafike. Anabweza manja aja. Anayenda m'mbuyo mwathu mtunda wonsewo mpaka kugalimoto, chipewa chili m'manja, osagwira kanthu.